Wojambula m'minda ya mpesa amadzukira limodzi ndi othyola

Ndikauza anthu kuti ndimajambula zithunzi m'minda ya mpesa ya ku Stellenbosch ndi Franschhoek ku South Africa, ambiri amati, "Ndiye mukunjoyatu, vinyo tsiku lililonse." Ndimangoseka. Nyengo yokolola ndimadzuka 4 koloko m'bandakucha, ndipo chomwe ndimamwa ndi tiyi wa mufulasiki.

Kuno ku Western Cape mphesa zimathyoledwa kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi, zina mpaka Epulo, dzuwa likuswa mtengo. Mphesa zikatenthedwa zimayamba kusasa zisanafike kofulira, choncho eni minda amafuna zithyoledwe kunja kukadali kozizira. Zimenezi zimandikomera inenso. Kuwala kwa m'mawa kumadzera cham'mbali, kumadutsa m'masamba, ndipo tsango lililonse limaoneka lodzadza. Ikangokwana 10 koloko zatha. Dzuwa limakhala pamutu, maso a anthu amasanduka maenje akuda, ndipo makoma oyera a nyumba zakale za kamangidwe kotchedwa Cape Dutch amathobwa kamera. Diso la munthu limaona khoma lowala ndi nkhope ili pamthunzi nthawi imodzi, koma kamera imakakamizika kusankha chimodzi.

Ndalama zanga zambiri zimachokera ku maukwati, osati ku vinyo. Anthu amachoka ku London, ku Berlin, kudzamangitsira ukwati m'minda imeneyi, ndipo ndimawauza zinthu ziwiri. Choyamba, mu Januwale dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, ndiye zithunzi za awiriwo tisazijambule 3 koloko masana ngakhale apongozi atafulumira bwanji. Chachiwiri ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene kuno amaitcha Cape Doctor. Ikayamba, velo ya mkwatibwi imapita kwake, tsitsi kwake. Sindilimbana nayo. Ndimawaimika moyang'anizana nayo kuti nsalu iziulukira kumbuyo.

Ntchito yovuta kuposa zonse ndi botolo. Botolo la vinyo lili ngati kalilole wopindika: limaonetsa zenera, denga, ngakhale mutu wa wojambulayo. Nyale siiwalitsidwa pabotolo penipeni. Imadutsa kaye pansalu yoyera yoikidwa m'mbali, kuti pagalasi patsike mzere umodzi wowala, wosalala. Vinyo wofiira monga Pinotage, mtundu umene Abraham Perold adaupanga mu 1925 pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut, amaoneka wakuda bii pachithunzi pokhapokha kuwala kutadzera kumbuyo kwa tambula. Botolo limodzi limatha kundidyera maola awiri, ndipo palibe amene amaombera m'manja.

Kwathu ku Malawi mvula imabwera ndi kutentha, koma kuno imagwa nthawi yozizira, Juni mpaka Ogasiti. Mipesa imayoyola masamba n'kutsala timitengo tokhatokha, antchito akudulira. Chaka chilichonse pamapezeka kasitomala wofuna chithunzi cha munda wobiriwira mu Julayi. Ndimamuuza adikire Okutobala, kapena agule chomwe ndidajambula chaka chatha.

Apa m'pamene maulendo akunja amabwera. Kumpoto kwa dziko lapansi nyengo n'zotembenuka, amakolola mu Seputembala ndi Okutobala. Komwe ndimakonda ndi chigwa cha Douro ku Portugal, chimene malire ake ngati dera la vinyo adalembedwa m'malamulo mu 1756. Mipesa ili pamasitepe osemedwa m'mapiri otsetsereka, ndipo m'mafamu ena amapondabe mphesa ndi mapazi m'zopondera zamiyala zotchedwa lagares, usiku, atagwirana mapewa. Mmenemo kuwala n'kochepa ndipo fulashi imaononga zonse, ndiye ndimatsegula lenzi yonse n'kulola kuti miyendo ioneke ikuyenda.

Ulendo weniweniwo ndi mapepala ndi zikwama. Mabatire a lithium apadera saloledwa m'chikwama chopita kunsi kwa ndege, amayenda nanu m'manja. Osapitirira 100 Wh (muyeso wa mphamvu ya batire) savuta. Apakati pa 100 ndi 160 Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo amalola awiri okha. Pa katundu wodula pali chikalata cha ATA Carnet, chogwira ntchito chaka chimodzi, chosonyeza a kasitomu kuti makamerawo mubwerera nawo, simukukagulitsa. Viza ya mlendo wokaona malo nthawi zambiri silola ntchito yolipidwa, choncho funsani ku ofesi ya kazembe musanagule tikiti. Makamera ndi malenzi sindisiyana nazo. Ulendo wina chikwama chokhala ndi miyendo ya kamera chidafika patatha masiku atatu, ndipo ndidajambula masiku onsewo nditatsamiritsa kamera pamigolo ya vinyo.

Chomwe makasitomala amaiwala kawirikawiri ndi anthu othyolawo. Bulosha imafuna manja okha atagwira tsango, nkhope ayi. Ine ndimapempha kaye, ndipo sindiimitsa munthu kuti amwetulire, chifukwa ambiri amalipidwa potengera makireti amene adzaza, ndiye mphindi zisanu zanga ndi ndalama zawo. Ndimatsatira mzere wawo cham'mbuyo, nditagwada. Tsiku lina ndili chigwadire, ndidamva wina akuuza mnzake m'Chichewa kuti, "Taonani bambowa, akuda thalauzi chifukwa cha mphesa za eni." Ndidayankha kuti thalauzi ichapidwa, achimwene. Sabata yotsatira ndidawabweretsera zithunzi zawo zotsukitsa, ndipo wina adapempha ziwiri, china choti atumize kwa mayi ake ku Mzimba.