A Ken Kandodo ndi bajeti ya zero deficit

Kwa anthu a ku Kasungu Central, a Ken Kandodo ndi mwana wa pakhomo, mdzukulu wa kubanja la a Kamuzu Banda. Kwa ife owerengera ndalama, dzina lawo limatikumbutsa chaka cha 2011.

Nawonso ntchito yawo ndi yowerengera ndalama. Adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2009 pa tikiti ya DPP, ndipo a Bingu wa Mutharika sadachedwe kuwapatsa unduna wa zachuma, mpando womwe padali a Goodall Gondwe. Patatha zaka ziwiri zinthu zidathina. Mu Epulo 2011 boma lidapirikitsa kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, mayiko otithandiza nkuyamba kuumira thandizo. Mu Juni a Kandodo adaimirira m'nyumba ija kuwerenga bajeti ya zero deficit.

Mawuwa ambiri adangowamva pawailesi. Tanthauzo lake nlakuti malipiro a aphunzitsi, mankhwala a m'zipatala ndi mafuta a galimoto za boma zilipiridwe ndi misonkho yathu yokha, ndalama za akunja zikabwera zipite ku chitukuko basi. Papepala ndi nzeru ndithu. Mayi aliyense ku Santhe amadziwa kuti sumatsira ufa mumphika podalira nkhokwe ya mnansi. Koma kuti zolowa zifanane ndi zotuluka, boma lidafinya wamba: msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti udafika pa buledi, nyama ndi mkaka.

Vuto lenileni lidali pena. Bajeti timalemba m'makwacha, koma mafuta ndi feteleza timagula ndi madola, ndipo madolawo amabwera ndi fodya komanso abwenzi akunja aja. Chaka chimenecho fodya adagulidwa pamtengo wolira, mabelo ambiri nkumabwezedwa pa okushoni. Wolima bale aliyense amene adapita ku Chinkhoma akukumbukira. Ine nthawi imeneyo ndinkasunga mabuku a sitolo ina pa boma pa Kasungu. Masamu ankagwirizana bwinobwino mpaka tambala yomaliza, koma lole yokatenga katundu ku Lilongwe idaima masiku, dalaivala akugona pamzere ndi zigubu kudikira dizilo. Dziko lonse lidali chimodzimodzi.

Pa 20 Julaye anthu adapita kumsewu, ena nkutaya miyoyo. Mu Seputembala nduna zatsopano zitalengezedwa, dzina la a Kandodo padalibe, mpando adatenga a Ken Lipenga.

Ine sindiwasenzetsa okha mtolo umenewu. Nduna imawerenga bajeti, koma amene ankakana kwamtuwagalu kugwetsa kwacha ndi a Bingu eni ake. Kwachayo idadzagwa ndithu mu Meyi 2012, iwo atamwalira.

Za pambuyo pake ndi ndale za kwathu kuno. Mayi Joyce Banda adawapatsa unduna wa zachitetezo mu 2012. Mu 2019 adapambananso ku Kasungu Central, ulendo uno atavala tambala wakuda. A Lazarus Chakwera adawaika ku unduna wa zantchito mu 2020, mlongo wawo a Khumbize Kandodo Chiponda ali ku zaumoyo. Mu Epulo 2021 adachotsedwa, kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 atatchula alawansi ya ulendo wawo wa ku South Africa. Ndalamayo sidafike ngakhale K1 miliyoni, ndipo adali atabweza kale.