Buku linalembera anthu 4, patebulo pabwera 3: mafunso ndi mayankho kwa oyendetsa D&D

Ife timakumana Loweruka masana ku Mabvuku, mu Harare, pakhonde la nyumba ya makolo a mnzathu wina, kusewera Dungeons & Dragons. Awa ndi masewera a patebulo amene wosewera aliyense amayendetsa munthu wake m'nkhani yongopeka. Tikamaponya madayisi, Chichewa ndi Chishona zimangosakanikira. Ine ndimakhala DM, amene amafotokoza nkhani ndi kuyendetsa adani. Achinyamata amene ayamba kuyendetsa magulu awoawo ku Tafara ndi ku Epworth amandifunsa mafunso omweomwewo, ndiye ndawalemba pano pamodzi ndi mayankho anga.

Buku la nkhani imene tikusewera analemba ndi akatswiri. Ine ndine ndani kuti ndilisinthe?

Wolemba anali ndi gulu linalake m'mutu mwake. Mwachitsanzo, nkhani yotchedwa Lost Mine of Phandelver, imene inatuluka mu 2014 ndipo ambirife tinayambira, anailembera osewera 4 kapena 5 oyamba pa levo 1, sitepe yoyamba ya mphamvu za munthu wa m'nkhani. Wolembayo sakudziwa kuti mnzathu wa ku Dzivarasekwa wasowa kombi, kapena kuti wina wabwera ndi msuweni wake amene sanagwirepo dayisi ya mbali 20. Amene akuona tebulo ndi inuyo. Ngati musiya zonse monga zilili pamene chiwerengero cha anthu chasintha, ndewuyo yasintha kale, kungoti yasintha inu musakudziwa.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti ndewu ndi yolemera kwa gulu langa?

Apa pakufunika pensulo. Dungeon Master's Guide ya 2014, yomwe ndi buku la malamulo la DM, imapereka manambala 4 kwa wosewera aliyense malinga ndi levo yake. Manambalawa ndi a XP, mapointi amene osewera amalandira akagonjetsa adani. Pa levo 1, XP 25 ndi ndewu yopepuka, 50 yapakatikati, 75 yolimba, ndipo 100 ndi yoti munthu akhoza kufa. Mumawonkhetsa manambalawa kwa onse amene abwera. Osewera 4 a levo 1 ndiye kuti ali ndi 100, 200, 300 ndi 400.

Kenako mumawonkhetsa XP ya adani, n'kuchulukitsa malinga ndi kuchuluka kwawo. Mdani mmodzi amakhala momwemo. Adani 2 mumachulukitsa ndi 1.5, adani 3 mpaka 6 ndi 2, adani 7 mpaka 10 ndi 2.5.

Tiyeni tiyese pa ndewu yoyamba ya Phandelver, pamene ma goblin 4, tizilombo ting'onoting'ono tooneka ngati anthu, amabisalira ngolo pamsewu. Goblin mmodzi ndi XP 50. Onse pamodzi 200, kuchulukitsa ndi 2, ikwana 400. Kwa osewera 4, nambala imeneyi yagunda ndendende pamzere wa imfa, ndipo iyi ndi ndewu yoyamba ya anthu amene mwina sanasewerepo. Onjezani kuti ma goblin amakhala atabisala, awiri akulasa mivi ali patali, ndipo malamulo amawalola kubisalanso kapena kuthawa m'ndime yomweyo imene amenya (ndime ndi chigawo cha ndewu chimene aliyense amapeza mpata umodzi wochitapo kanthu). N'chifukwa chake magulu ambiri amagwa asanafike n'komwe kuphanga. Ine ndinaziona ndekha tsiku limene ndinayendetsa koyamba: ndinawerenga bukulo monga linalembedwera kwa anthu 3, ndipo pasanathe mphindi 20 awiri anali pansi. Mmodzi wa iwo anali mtsikana amene anali atakhala sabata yonse akulemba mbiri ya munthu wake m'kope la kusukulu. Nkhope yake sindinaiiwale.

Abwera 3 okha. Ndichotse chiyani?

Osewera 3 a levo 1 ali ndi 75, 150, 225 ndi 300. Ma goblin 4 aja apyola mzere wa imfa ndi 100. Mukachotsa mmodzi, otsalawo ndi 150 kuchulukitsa ndi 2, yomwe ndi 300, ikadali pamzere womwewo. Mukasiya 2, ndi 100 kuchulukitsa ndi 1.5, ikwana 150, ndewu yapakatikati. Kwa anthu oyamba kumene ine ndimayamba ndi 2, wachitatu ndimamusunga m'tchire kuti atulukire pa ndime yachiwiri ngati zikuoneka kuti zapepuka kwambiri. Osewera sadziwa kuti m'tchiremo munali angati, ndiye palibe chimene mwawabera.

Osewera akakhala 2 okha, Dungeon Master's Guide imati mugwiritse ntchito nambala yochulukitsira yotsatira pamwamba. Mdani mmodzi muziwerenga ngati ndi 1.5.

Nanga osewera akachuluka, mwachitsanzo 6?

Pamenepo mumatsika ndi sitepe imodzi pa nambala yochulukitsira. Ma goblin 4 ndi 200 kuchulukitsa ndi 1.5, yomwe ndi 300, yapakatikati kwa anthu 6. Mukafuna yolimba, ikani ma goblin 6 kuti ikwane 450.

Bwanji osangowonjezera HP (mapointi a moyo) ya adani amene alipo kale?

Ili ndi funso limene ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Chimene chimalemeretsa ndewu kwenikweni ndi kuchuluka kwa manja amene akumenya pa ndime iliyonse. Ogre mmodzi, chimphona, ali ndi HP 59 ndipo amaoneka woopsa, koma amamenya kamodzi pa ndime. Akakumana ndi osewera 6, amalandira nkhonya 6 iye asanabwezenso yachiwiri. Mukamuwonjezera HP kufika pa 90, ndewu imangotalika, anthu n'kuyamba kuyang'ana mafoni, koma mantha palibe. Mukamupatsa mimbulu 2 yoti izungulire kumbuyo kwa amene akulasa mivi, aliyense patebulo amakhala tcheru.

Kwa gulu laling'ono ndi chimodzimodzi. Kuchotsa mdani mmodzi kumathandiza kuposa kuchepetsa HP ya onse, chifukwa mwachotsa dzanja limodzi lomenya. HP ndimaisintha kwa mtsogoleri wa adani yekha, ndipo ndimakhala mkati mwa zimene madayisi ake amalola. Bugbear, m'bale wamkulu wa goblin, analembedwa HP 27, koma pambali pake pali 5d8+5 (madayisi 5 a mbali 8 kuphatikiza 5), kutanthauza kuti akhoza kukhala paliponse kuyambira 10 mpaka 45 popanda kuphwanya lamulo.

Masamu anandiuza kuti zili bwino, koma wina wafa ndi nkhonya imodzi. Zatheka bwanji?

Masamu aja saona kuti munthu wa levo 1 ndi wosalimba. Wizard, munthu wa matsenga, amayamba ndi HP 6 kuphatikiza ya Constitution (kulimba kwa thupi), nthawi zambiri 7 kapena 8. Bugbear amamenya 2d8+2, yomwe kawirikawiri imakhala 11, ndiye nkhonya wamba yamugwetsa kale. Dayisi ikagwa pa 20, nkhonyayo imakhala 4d8+2, pafupifupi 20, ndipo lamulo limati zotsala pambuyo pofika pa 0 zikafanana ndi HP yonse ya munthuyo kapena kuiposa, wafa pomwepo. Choncho musanayambe, yang'anani nkhonya yaikulu ya mdani aliyense ndi kuiyerekeza ndi HP ya wofooka kwambiri pagulu. Mu Phandelver muli bugbear wotchedwa Klarg, ali ndi mmbulu ndi ma goblin 2. Onse pamodzi ndi 350 kuchulukitsa ndi 2, ikwana 700. Ine ndimakweza gulu kufika pa levo 2 lisanalowe m'chipinda chake.

Yang'ananinso kuti pagulu pali ndani. Ngati palibe cleric kapena wina wochiritsa, ikani mabotolo 2 a mankhwala ochiritsa m'ngolo.

Ine ndili ndi mabuku a 2024, mnzanga amasewera Pathfinder, masewera ena ofanana ndi awa. Izi zikugwira?

Dungeon Master's Guide ya 2024 inachotsa kuchulukitsa kuja. Pa levo 1 imapereka 50, 75 ndi 100 kwa wosewera aliyense, inu n'kugula adani ndi XP imeneyo. Ndi yosavuta, koma samalani adani akachuluka kwambiri kuposa osewera. Pathfinder yachiwiri, ya 2019, imapereka XP 80 ya ndewu yapakatikati kwa anthu 4, ndipo mumawonjezera kapena kuchotsa 20 pa munthu aliyense. Ilinso ndi njira yolimbitsa kapena kufewetsa mdani posintha manambala ake ndi 2.

Ndikachotsa adani, XP yopatsa osewera imakhala iti?

Ya adani amene agonjetsedwadi, yosachulukitsa. Ngati mukuopa kuti gulu litsalira, likwezeni levo pamene nkhani yafika pamalo pamene buku limayembekezera levo imeneyo.

Ndewu yayamba kale ndipo ikuipa. Ndiname pa dayisi?

Ine sindinama, ndipo ndimaponya pamaso pa onse. Wosewera akangozindikira kuti munamupulumutsa ndi bodza, sadzakhulupiriranso chipambano chake chilichonse. Zilipo njira zoona. Goblin ndi wamantha, mnzake akagwa akhoza kuthawa. Achifwamba amafuna katundu, akhoza kulanda ngolo n'kusiya anthu ali chikomokere, ndipo Phandelver yomwe imanena kuti ma goblin akapambana azichita zimenezi. Mtsogoleri wa adani akhoza kuimitsa ndewu kuti akambirane.

Timangokhala ndi maola 3. Ndewu zonse za m'buku sizingakwane.

Dungeon Master's Guide ya 2014 imayerekeza kuti gulu lingapirire ndewu 6 mpaka 8 zapakatikati kapena zolimba pa tsiku limodzi la m'nkhani. Ife sitingathe zimenezo Loweruka limodzi, chifukwa magetsi akazima kunja kukuda timalongedza, ndipo wa ku Dzivarasekwa ayenera kukwera makombi awiri. Ndimasankha ndewu 2 kapena 3 zimene zili ndi nkhani, zina ndimazisandutsa zokambirana kapena kuzidumpha. Ndipo tikalekeza gulu lili pakati pa phanga, ndimalemba HP ndi ma spell (matsenga) otsala a aliyense, kuti sabata yamawa ayambire pomwepo ali otopa monga tinawasiyira.