Alonda amene tinabadwa nawo m'mapapo

Munthu wamkulu amapuma mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000 pa tsiku, ndipo mpweyawo umalowa ndi fumbi, utsi komanso tizilombo. Komabe sitidwala chibayo mwezi ndi mwezi. Chimatiteteza n'timadzi topyapyala timene timakuta njira za mpweya. M'timadzimo muli mapuloteni amene tinabadwa nawo, ndipo sadikira katemera kuti amudziwe mdani.

Mapuloteniwa amadalirana. Puloteni ina imatchedwa lysozyme, imene wasayansi Alexander Fleming anaifotokoza mu 1922 ataipeza m'mamina. Ntchito yake n'kuswa khoma la bakiteriya. Koma mabakiteriya ena, monga Klebsiella, ali ndi chikuto china kunja kwa khomalo, ndipo lysozyme payokha imalephera kudutsa. Apa imathandizidwa ndi lactoferrin. Iyi imalanda ayironi amene bakiteriya amafuna kuti aswane, komanso imafooketsa chikuto chija mpaka lysozyme ipeze polowera. Lactoferrin yomweyi imachuluka mu mkaka woyamba wachikasu wa mayi, n'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva kuti wina waufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa.

M'kati mwenimweni, m'timatumba ta mpweya, muli mapuloteni ena awiri, otchedwa SP-A ndi SP-D. Awa amamatirira pa shuga wa pakhungu la tizilombo n'kutimanga pamodzi ngati mtolo wa nkhuni, kuti maselo otchedwa macrophage atimeze mosavuta. Amathandizanso kuti thupi lisachite kupsa mtima mopitirira muyeso n'kudzivulaza lokha.

Chimasokoneza mgwirizanowu ndi utsi. Mapapo akamalandira utsi tsiku ndi tsiku, maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil amakhamukirako n'kutulutsa puloteni yotchedwa elastase, yomwe imadula SP-A ndi SP-D. Ofufuza anapeza kuti m'mapapo a anthu osuta fodya mapuloteni awiriwa amachepa. Ife a ku Angónia ndi ku Tsangano, m'dziko la Mozambique, tikuidziwa mphepo ya mu Juni ndi Julaye, pamene moto umasonkhedwa m'nyumba yotseka, mayi akuphika ndi mwana kumsana. Sindikunena kuti musawothe moto, koma siyani potulukira utsi, gwiritsani ntchito nkhuni zouma, ndipo mwana akhale kutali ndi mafuwa.

Abambo amene mumagwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize kapena kuphwanya miyala, vuto lanu ndi fumbi la m'miyala lotchedwa silica. Limapha macrophage, ndipo macrophage ndiwo amayamba kukumana ndi kachilombo ka TB. Munthu amene mapapo ake anaonongeka ndi fumbili amadwala TB msanga kuposa anzake, choncho chotchinga pamphuno chisamakhale m'thumba nthawi ya ntchito. Ngati mwatsokomola kwa masabata awiri osaleka, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku kapena mukuonda, pitani kuchipatala akakuyezeni makhololo.