Mapiritsi a likodzo omwera pobwerera kunyanja sakukutetezani

Pasaka kapena Khirisimasi ikangodutsa, foni yanga imayamba kulira ndi funso limodzimodzi. Amaimba achibale a ku Lilongwe, anzanga a kusukulu, ngakhale anthu oti nambala yanga anangopatsidwa: "Adokotala, tinali kunyanja Loweruka, ndiye pobwerera tinaima pafamase n'kugula mankhwala a likodzo. Tonse tamwa, ndi ana omwe. Tili bwino eti?" Ayi, simuli bwino. Ndalama mwataya, ndipo chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti tsopano mtima wanu wakhala pansi, simudzaganizanso za nkhaniyi. Ndagwira ntchito yachipatala kuno ku Nkhotakota zaka zambiri, ndipo ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi pafoni.

Ulendowo sindikuletsa. Bwerani ndithu, ndipo kubwera pa galimoto yanu n'kwabwino chifukwa mumaima pamene mtima wafuna. Kuchokera ku Lilongwe mumatsetsereka ndi msewu wa M14 makilomita pafupifupi 100 mpaka pa Salima, kutentha n'kukulandirani nyanja musanaione n'komwe. Ambiri amangolunjika ku Senga Bay n'kuthera komweko. Koma amene amakhotera mu M5 kulowera kumpoto, makilomita ena opitirira 100, ndi amene amalawa zakudya zathu zenizeni. Pa mlatho wa Chia anyamata amakukupizirani chambo m'mwamba, chotungidwa pa mlaza, chikudontha madzi. Mumatsitsana mtengo, n'kuchipachika pagalasi la m'mbali kuti mphepo izichiomba. Mukafika pa boma, nsima yake ndi kondowole, yomata kuzala, yoti simulimbana nayo kutafuna, mumangosunsa mu msuzi wa kampango n'kumeza. Pambali pake chigwada chotendera, kapena usipa wofutsa. Mpunga wa Faya mugule thumba la kunyumba. Mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 ukadalipo, ndipo mukakhala ndi mwayi mudzapeza amuna a malipenga atavala makabudula oyera ndi masokosi ofika m'maondo, amayi akuvina chioda chapafupi.

Pa zonsezi palibe chimene chingakupatseni likodzo. Ndimamvabe anthu ophunzira akunena kuti "ndinadya nsomba ya kunyanja, ndiye ndikuopa likodzo." Chambo chilibe mlandu. Choopsa pa chakudya ndi nsomba yowotchedwa m'mawa imene yakhalira ntchentche tsiku lonse, ndi beseni limodzi losambamo m'manja anthu khumi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja tinalira kwambiri. Idyani chotentha, sambani m'manja mothirirana, basi.

Likodzo limalowera pakhungu. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a m'mkodzo wake amaswa, tizilombo take n'kukalowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. Pakapita milungu ingapo nkhono imodzi imayamba kutulutsa tizilombo tina tambirimbiri tosaoneka ndi maso, makamaka masana dzuwa litakwera, nthawi yomweyo imene inu mumati kwatentha tiyeni tikasambe. Timaboola khungu m'mphindi zochepa. Sikuti mpaka musambire. Bambo amene waimika galimoto pagombe n'kumatunga madzi m'chidebe kuti atsuke fumbi la mumsewu, mayi amene wakwinya chitenje n'kulowa mpaka m'maondo kukasankha nsomba m'bwato lisanakocheze, mwana amene akumanga nyumba za mchenga pamene mafunde akuthera: onsewa akhudza madzi mokwanira.

Wina amati, "Koma ife tinasamba pamchenga woyera, panalibe bango, madzi ake oonekera pansi, ndipo mwini malo anatiuza kuti kuno kulibe likodzo." N'zoona kuti m'bango, m'ndere ndi m'madzi odikha a m'madambo ndi momwe nkhono zimachuluka. Koma ofufuza anapeza kumwera kwa nyanja yathu kuti mtundu wina wa nkhono, Bulinus nyassanus, umakhala mumchenga weniweniwo, pamalo opanda udzu, ndipo umafalitsanso likodzo. Anaonanso kuti nkhonozi zinachuluka kumene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyezo. Mwini malo ogona alendo sanayezepo madzi ake. Akufuna kuti mudzabwerenso, ndipo mawu ake musawatenge ngati a chipatala.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amapha nyongolotsi zikuluzikulu zokhazokha. Tizilombo tikangolowa m'thupi timakhala tanthete, timayenda m'magazi, kudutsa m'mapapo, kukakulira m'mitsempha ya kuchiwindi, kenako n'kukakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kapena matumbo. Ulendo umenewo umatenga milungu. Mukamwa mankhwala Lamlungu madzulo mutasamba Loweruka, mankhwalawo amadutsa m'thupi n'kutuluka, tizilombo tija tili phee, tikukula. Muyenera kudikira milungu 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza limene munakhudza madzi. Lembani tsikulo pakalendala kapena mufoni. Nthawiyo ikakwana pitani kuchipatala, mukanene kumene munali, akakukwezeni pasikelo. Mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu, ndipo piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600. Ndiye kuti munthu wa makilogalamu 60 amamwa anayi, wa makilogalamu 90 asanu ndi limodzi. Zija zogawana awiriawiri m'galimoto, bambo wonenepa ndi mwana wa Sitandade 3 chimodzimodzi, ndi zosathandiza kwa bamboyo. Imwani mutadya, ndipo tsiku limenelo musayendetse galimoto mtunda wautali chifukwa ena amamva chizungulire.

Pa zoyezetsa mkodzo, mazira amachedwa kuoneka, nthawi zina mpaka miyezi itatu. Mkodzo wabwino kuyeza ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndipo madontho omalizira ndi amene amakhala ndi mazira ambiri. Kuyeza kamodzi n'kusapeza kanthu sikutanthauza kuti mulibe. Anthu ambiri a m'tauni amene analitenga paulendo umodzi sakodza magazi n'komwe, pamene nyongolotsizo zimatha kukhala m'thupi zaka, zikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Mazira otsalira m'minofu ndi amene amawononga: amalimbitsa chikhodzodzo, amatseka njira zochokera ku impso, ndipo pakapita zaka amatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Mwa apo ndi apo amasochera kukafika kumsana, munthu n'kufa miyendo.

Pali mayi mmodzi amene sindimuiwala. Anali wa kumtunda, wobadwira kumapiri, woti nyanja anaiona koyamba atakwatiwa. Mwamuna wake ndi wakuno, amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo atagula galimoto anabwera ndi banja lonse pa Khirisimasi kudzaona amayi ake. Mayiyu, pofuna kuonetsa ulemu kwa apongozi, m'mawa uliwonse ankanyamula mbale ndi zovala kupita kudoko ndi alamu ake. Anakhala masiku anayi okha. Pobwerera anamwa mapiritsi aja, awiriawiri.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi anayamba kumva kuwawa m'chinena, kuyabwa, ndi kutaya timagazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Anapita pa kachipatala kena kolipira m'tauni, anamuuza kuti ndi matenda opatsirana pogonana, n'kumubaya jakisoni. Sizinasinthe. Anapita pena, chimodzimodzi. Katatu konse. M'buku lake la kuchipatala munali mankhwala amodzimodzi masamba atatu otsatizana, ndipo palibe amene anamufunsa ngati anapondako m'nyanja. Mwamuna anakayezetsa, sanamupeze ndi kanthu, ndiye mukudziwa kale kumene chala chinaloza. Nkhani inafika kwa ankhoswe. Azakhali ena anati ndi mauka. Wina anamugulitsa mabotolo a mankhwala akuda, aja amalengezedwa pa chimkuzamawu kuti amatsuka m'thupi ndi kuchiza matenda makumi awiri nthawi imodzi. Pamapeto apongozi anati abwere naye kuno kwa sing'anga wina, amene anamupatsa zitsamba zoika kumaliseche. Zinamuwotcha, ndipo ndi zilonda zimenezo zimene zinamufikitsa kwa ife, patatha pafupifupi zaka ziwiri chiyambire kuvutika.

Anakhala pampando atagwira bukulo ndi manja onse awiri, maso ali pansi. Mwamuna anaima pakhomo, sanafune kukhala. Nditafunsa kuti, "Mayi, munayamba mwachapako kunyanja?" anayankha ndi apongozi: "Eya adokotala, chaka chijachi ankapita kudoko ndi ana anga." Tinayeza mkodzo wa masana, mazira anapezeka. Anamwino atamuona mkati anapeza timabala tooneka ngati mchenga wachikasu, chizindikiro cha likodzo la m'njira ya amayi. Ndinaitana bamboyo kuti, "Achimwene, talowani mukhale pansi," ndipo ndinamuuza kuti matendawa akazi anu anawatenga akutsuka mbale za amayi anu. Sanayankhe. Anangovula chipewa n'kuchiika pabondo.

Mankhwala anapha nyongolotsi, koma zipsera za mazira amene anakhalitsa m'thupi sizichoka zonse. Kuwawa kunachepa, sikunatheretu. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mapiritsi anayi, omwedwa mu Febuluwale m'malo mwa tsiku lobwerera lija, mwina akanamupulumutsa ku zonsezi, ndi manyazi omwe anawasenza pamaso pa ankhoswe popanda mlandu. Anzanga azachipatala a m'tauni, inunso ndikukupemphani: mayi akabwera kachiwiri ndi vuto lomwelo, mufunseni za madzi. Likodzo la amayi limafanana kwambiri ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo mabala ake amatsegula khomo kuti HIV ilowe mosavuta. Abambonso limawagwira, ena amaona magazi mu umuna n'kukhala chete chaka chathunthu chifukwa cha manyazi.

Za ogulitsa mabotolo ndilankhule mosabisa. Palibe chitsamba, palibe tiyi wotsuka m'thupi, palibe madzi odalitsidwa amene ndinaonapo akupha nyongolotsi za likodzo. Magazi a mumkodzo amatha kuleka okha kwa kanthawi, ndipo wogulitsa amatengerapo mwayi n'kunena kuti mankhwala ake agwira. Nyongolotsi zili momwemo. Kupemphera pempherani, koma m'mawa mwake mukakhale pamzere wa chipatala. Mankhwala enieniwo Unduna wa Zaumoyo umawagawa ulele m'masukulu a kuno, pamene inu mukulipira masauzande kugula madzi akuda a m'botolo la kachasu.

Ngati kumene mwagona madzi osamba amatunga m'nyanja, apempheni awatenthetse mpaka atenthe kwenikweni kenako azizire, kapena akhale m'mgolo masiku awiri, tizilomboto timafa tokha. Kudzipukuta ndi thaulo mwamphamvu musakudalire.

Chinanso ndi kutentha thupi mukabwerera. Choyamba ndi malungo, ndipo kuno ndi ochuluka chaka chonse. Kayezetseni tsiku lomwelo, musagule LA pagolosale mongoganizira. Akapanda kupezeka, thupi likutenthabe, mukutsokomola, zidzolo zatuluka, patatha milungu iwiri kapena kuposerapo chisambireni m'nyanja, likhoza kukhala likodzo longoyamba kumene. Nenani.

Koma amene munalowa m'nkhalango ya Nkhotakota kukaona njovu, zija pafupifupi 500 zimene anazisamutsa kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, inu nkhani yanu ndi yachangu kuposa onse. M'nkhalangomo muli kashembe, ntchentche yoluma mopweteka imene imafalitsa kaodzera. Imatsatira galimoto yoyenda ndipo imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho tsekani magalasi ndipo valani zamanja aatali, za mtundu wa khaki. Si kashembe aliyense amene ali ndi matenda, ambiri alibe. Koma kaodzera wa kuno kwathu si uja wa ku Congo woyenda pang'onopang'ono kwa zaka. Wathuyu amatha kufika ku ubongo m'milungu yochepa, ndipo wosalandira mankhwala amafa m'miyezi. Amayamba ngati malungo enieni: mutu, kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo, nthawi zina chotupa chofiira pamene panalumidwa. Munthu amamwa LA, osachira, amamwanso, kenako akayamba kusokonezeka mutu ndi kugona masana abale amati walodzedwa n'kumutengera kwa sing'anga. Akamafika kwa ife mochedwa chonchi, ntchito imakhala yaikulu, ndipo ena sitiwapulumutsa. Wachipatala wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangaganize za kaodzera pokhapokha inu mutamuuza. Muuzeni ndi pakamwa panu kuti munali m'nkhalango ya Nkhotakota, tsiku lakuti, kashembe anakulumani, ndipo mupemphe kuti magazi anu awaone pa maikulosikopu, osati kungobaya pachala kuyeza malungo. Thupi likatentha Lachisanu usiku, musadikire Lolemba.