Babashopu imapindula, koma werengani mitu musanagule mpando

Achinyamata ambiri amene amabwera kudzafunsa za bizinesi yometa tsitsi amayamba ndi funso lakuti mpamba wake ndi ndalama zingati. Funsoli ndi labwino, koma pali lina lomwe liyenera kubwera patsogolo pake: pamalo pomwe mukufuna kutsegulapo, mudzameta mitu ingati pa tsiku? Babashopu ilibe katundu wogulitsa wosunga pa shelefu. Tsiku likadutsa makina asanalire, ndalama ya tsikulo yapita ndipo sibwereranso, pomwe lendi ikuwerengedwabe.

Zofunika kugula poyamba si zambiri. Makina ometera, mpando, galasi lalikulu, benchi ya odikira, nsalu zofunditsa kasitomala, zipeso, burashi, lumo, sipiriti, mafuta a makina ndi chikwangwani cha panja. Pa zonsezi, mpando ndi benchi kalipentala wa pamsika angakupangireni pa mtengo wofikirika, ndipo kasitomala sabwereranso chifukwa cha mpando. Amabwerera chifukwa mwamumeta bwino, simunamucheke, komanso sanakhale nthawi yaitali pa benchi. Choncho ndalama yanu ipite ku makina. Gulani awiri, osati amodzi. Makina a Wahl enieni ndi odula ndipo achinyengo ake adzaza m'misika. A Kemei ndi otsikirapo mtengo koma amafuna kusinthidwa msanga. Kaya musankha ati, makina amodzi akatentha kapena kufa Loweruka masana, achiwiri ndi amene amapulumutsa tsikulo.

Dziwaninso kuti pafupifupi zida zonsezi zimachokera kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya makina ndi masamba ake (tizitsulo todula tsitsi) inakwera nthawi yomweyo, koma mtengo wometera mutu ku Ndirande kapena ku Area 25 sunathe kukwera mofanana, chifukwa ometa ndi ambiri ndipo kasitomala angoyenda pang'ono n'kupeza wina. Ndiye mitengo imene mnzanu anagulira chaka chatha musaidalire. Pitani nokha ku Limbe kapena ku Malangalanga mukafunse sabata yomwe mukufuna kugula.

Pali ndalama zina zomwe anthu amaiwala: eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi ingapo pasadakhale, khonsolo imafuna layisensi ya bizinesi chaka ndi chaka, ndipo chipinda chimafuna penti, mawaya abwino ndi loko wolimba. Pamwamba pa izi siyani ndalama yoti ikusungeni miyezi iwiri kapena itatu yoyamba, chifukwa amuna sasintha ometa wawo msanga. Munthu amene wazolowera dzanja la wina amafunika chifukwa chenicheni kuti apereke mutu wake kwa mlendo.

Tsopano tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo a kwanuko. Tinene kuti mutu umodzi ndi K1,500, ndipo lendi, mayunitsi a magetsi, sipiriti, mafuta ndi kandalama kosungira makina atsopano ndi layisensi zonse pamodzi zikukwana K110,000 pa mwezi. Mukameta mitu 10 pa tsiku kwa masiku 26, mwapeza K390,000. Ngati mukumeta nokha, mwatsala ndi K280,000, koma kumbukirani kuti m'menemo muli malipiro a manja anu, si phindu lokhalokha. Ngati mwalemba mnyamata woti azimeta n'kumagawana pakati, inu mwatenga K195,000, ndipo mukachotsa K110,000 ija mwatsala ndi K85,000.

Apa ndi pomwe ndikufuna muyang'anitsitse. Tiyerekeze kuti magetsi akuzimazima ndipo mukutaya mitu iwiri yokha pa tsiku. Mitu 8 ikupatsani K312,000 pa mwezi, gawo lanu mukagawana pakati ndi K156,000, ndipo chotsala m'thumba ndi K46,000. Mitu iwiri yokha yadya pafupifupi theka la phindu lanu, chifukwa lendi sitsika magetsi akazima. Amene anali ndi babashopu mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo ESCOM n'kumazimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, akudziwa bwino zimenezi. Ine ndimalangiza kuti mphamvu yapadera ilowe mu mpamba woyambira, isadikire kuti bizinesi ikule. Makina ometera amadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ayironi kapena mbaula ya magetsi, kotero makina otchaja, kapena batire ndi sola yaing'ono ndi inveta, zimakwanira. Jenereta imafuna petulo tsiku lililonse, ndipo petulo nayenso amasowa. Ubwino wina ndi wakuti magetsi akazima dera lonse, inu nokha ndi amene mukumeta, ndipo kutchaja mafoni kumabweretsa ndalama ina pa batire yomweyo.

Nkhani yolemba ometa ndi yovuta kuposa momwe imaonekera. Mwini amene ali pa ntchito ina m'tauni sadziwa mitu yomwe yametedwa masana, amangolandira zomwe wauzidwa madzulo. Ena amathetsa izi popangana ndalama yokhazikika yoti ometa azipereka pa tsiku, zotsala n'kukhala zake. Njira imeneyi imachepetsa mikangano, koma makina amagwiritsidwa ntchito mosasamala ngati simunapangane kuti akaonongeka akonza ndani. Ndipo makasitomala amatsata dzanja, satsata chikwangwani: ometa wabwino akachoka, amachoka nawo. Mulipireni bwino, kapena phunzirani kumeta nokha.

Pa ukhondo musaumire ndalama. Zipere zimafala kudzera m'makina ndi zipeso, ndipo lezala wogwiritsidwa ntchito pa anthu awiri angapatsire matenda a chiwindi a hepatitis B. Lezala watsopano pa munthu aliyense, masamba a makina otsukidwa ndi sipiriti kasitomala akuona, ndi nsalu zochapa. Mayi mmodzi akaona chipere pamutu pa mwana wake, amayi onse a mumzere umenewo amva, ndipo ana a sukulu ndi amene amadzaza benchi sabata yotsegulira teremu.

Ngati mpamba ndi wangongole, kaya ya banki mkhonde kapena ya bungwe la boma lobwereketsa ndalama, ndalama yobweza pa mwezi muiphatikize ku K110,000 ija musanasaine. Kenako khalani pafupi ndi malo omwe mwasankha, Lachiwiri lina ndi Loweruka lina, muwerenge anthu olowa m'mababashopu oyandikana nawo. Nambala ya Lachiwiri, tsiku la anthu ochepa, ndi yomwe muwerengere ngongoleyo.