Dothi la kudimba ndi timiyala ta mu impso

Amene anaphikapo thobwa amadziwa kale ntchito ya enzyme, ngakhale dzinalo sanalimvepo. Mukathira chimera m'phala lolimba, limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Ndi enzyme imeneyo, ikuphwanya ufa. Ife a mu labotale tili kalikiliki ndi ina, yophwanya oxalate, mankhwala achilengedwe opezeka m'zomera.

Oxalate ndi wochuluka mu bonongwe ndi sipinachi, ndiwo zimene timagula mosaganiza kawiri pa Lizulu. Akakumana ndi calcium mu mkodzo amaundana, ndipo timiyala ta mu impso tambiri timapangika motero. Thupi lathu lilibe enzyme yomuphwanya. Mabakiteriya ena a m'dothi ali nayo. Mu 2000, asayansi Tanner ndi Bornemann anasonyeza kuti mabakiteriya otchedwa Bacillus subtilis amapanga enzyme ya oxalate decarboxylase, yomwe imasandutsa oxalate kukhala formate ndi mpweya wa carbon dioxide.

Kuipatula ndiye ntchito yofuna kudekha. Tikatapa dothi, kaya la kudimba ku Bembeke, timalisungunula m'madzi n'kulidzala m'kambale momwe muli calcium oxalate, woyera ngati mkaka. Pamene pamera mabakiteriya odya oxalate, kuyera kuja kumachoka n'kusiya kabwalo koonekera. Amenewo timawachulukitsa, n'kuwaphwanya. Chotuluka ndi chisakanizo cha mapuloteni mazanamazana, ife tikufuna imodzi yokha, enzyme ija. Timathira mchere wa ammonium sulfate pang'onopang'ono kuti mapuloteni adikhe motsatizana, kenako timasefa m'chubu chomwe chimagwira ena n'kulola ena kudutsa. Zili ngati kupeta: gaga akamachoka, mphale nayo imatayikako. N'chifukwa chake pa sitepe iliyonse timayeza mphamvu yomwe yatsala.

Enzymeyo ikayera, timaifunsa makhalidwe ake: kutentha kotani, zitsulo ziti, asidi wochuluka bwanji. Ya Bacillus subtilis imadalira chitsulo cha manganese ndipo imagwira bwino pomwe pali asidi, pa pH (muyeso wa asidi) ya pafupifupi 4. Apa ndi pamene mtima wanga umagunda, chifukwa m'mimba mwa munthu amene wangodya kumene mumakhalanso asidi. Enzyme yotere ingathe kuphwanya oxalate wa m'ndiwo asanalowe m'magazi.

Koma chonde, musathamangire kudya dothi, ndipo bonongwe musamusiye. Ngati munadwalapo timiyala, wiritsani masambawo n'kutaya madzi ake, imwani madzi ambiri, ndipo pambali pakhale usipa wodya ndi minga yomwe. Calcium wa m'mingamo amagwira oxalate m'matumbo momwemo, n'kutuluka naye kuchimbudzi asanafike ku impso.