Masheya Akakwera Masiku Atatu, Sikuti Msika Wonse Ukukwera

Pa WhatsApp ku Ulongwe ndi ku Moatize kumayenda mphekesera yakuti masheya akakwera mtengo masiku atatu motsatizana, ndiye kuti msika wonse wa masheya wayamba kukwera, ndipo wochedwa kugula wataya mwayi. Izi si zoona. Akatswiri nthawi zambiri amati msika ukukwera kapena ukutsika mitengo ikasuntha ndi 20 peresenti kuchokera pamene inagwera kapena pamene inafika pachimake, ndipo amayang'ana miyezi, osati masiku.

Ku Bolsa de Valores de Moçambique, msika wa masheya wa ku Maputo, kumene masheya a Hidroeléctrica de Cahora Bassa, kampani yopanga magetsi pa damu la ku Songo, analowa mu 2019, makampani ndi ochepa ndipo ogula sachuluka, kotero munthu mmodzi akagula masheya ambiri mtengo ungadumphe tsiku lomwelo, pomwe ku damu la ku Songo sikunasinthe kanthu.